Kawaya Kachinayi

9 Febuluwale

Okondedwa mayi a ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana onse atatu, komanso apongozi anga. Mwendo wawo uja uli bwanji? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chitaona kuti ndilibe nthawi yocheza nacho chinachoka chokha.

Nkhani yabwino ndi iyi: mayeso aja ndakhoza. Fosholo ndasiya! Zaka zinayi ndakhala ndikuwola miyala ya pansi pa njanji mpaka msana kuchita kupindika, koma tsopano andiika m'gulu losamalira masiginolo, nyali zija zimauza dalaivala wa sitima kuti pita kapena ima. Ndikanakuuzani pa foni, koma mukudziwa kuti foni ikalira kumeneko imathera m'manja mwa ana, ine n'kumangomva za mphaka ndi za dzino logwedera. Nkhani ngati iyi imafuna pepala.

Ndikufotokozereni pang'ono, kuti anthu akafunsa musamangoti amagwira ku sitima. Njanji anaigawa m'zigawo. Sitima ikalowa m'chigawo china, mawilo ake amakhudza zitsulo zonse ziwiri, magetsi oyenda m'zitsulomo amamva, ndiye nyali ya kumbuyo kwake imafiira kuti sitima inzake isalowemo. Zonsezi zimachitikira m'mabokosi achitsulo amene aima m'mbali mwa njanji, aatali ngati kabati yathu ya mbale. Mkati mwake muli mawaya osawerengeka. Kiyi wa mabokosi amenewo, mayi a ana, ali m'thumba mwa mwamuna wanu.

Amene anandikokera m'gulu limeneli ndi kapitawo wathu, munthu wa kwathu konko amene anabwera kuno ine ndisanamere ndevu. Timawatcha a Bwerezani. Ukawauza kanthu, ngakhale kuti tiyi wapsa, amati, "Tabwereza." Ndiye iwonso amabwereza zomwe wanenazo, kenako n'kuchita. Poyamba ndinkaona ngati samva bwino, koma ndi lamulo la ntchito ino. Miyezi isanu akhala akundiphunzitsa pa nthawi yopuma, kujambula mawaya pa katoni ndi kapensulo kolumidwa kumbuyo, osandilipiritsa ngakhale botolo la chakumwa. Ndikamalemba mayeso anaima panja ngati ndine mwana wawo. Munthu ameneyu muzimuika m'mapemphero.

Chiphaso changa chokhalira kuno achilembanso, cha zaka ziwiri, pa dzina la kampani ya njanji. Ntchito ikakhalapo, chiphaso chilipo. Ntchito ikatha amangokupatsa mwezi umodzi woti ulongedze. Koma zimenezo si zoti tizizikamba lero.

Ndatumiza kangachepe. Loko wa chitseko chakumbuyo uja musinthe, musamangotsamiritsa mpando. Mlamu wanga akabwera kudzabwereka njinga, mumuuze kuti ulendo watha anabweza yopanda belu. Za denga la chipinda cha ana ndikuziganizira. Zikayenda chonchi, chaka chino beseni lichoka pa bedi pawo.

Zikomo chifukwa cha masokosi. Ndi otentha bwino, ngakhale lina ndi lalitali kuposa linzake.

Ndine wanu,
Bambo a ana


16 Malichi

Mayi a ana,

Landirani moni wanga. Kalata yanu inafika, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kumva kuti apongozi ayamba kuyenda opanda ndodo. Ine ndili bwino, lamba ndasunthira bowo lina.

Mwafunsa ngati ntchitoyi si yoopsa. Mtima ukhale m'malo. Sabata yatha anatikweza kutsogolo kwa sitima yopanda anthu kuti tione ndi maso athu zimene timasamalirazi. Pakati pa njanji, pafupi ndi siginolo iliyonse, pali kabokosi kogona pansi. Sitima ikadutsa pamwamba pake, kamaiuza zimene nyali ikunena. Dalaivala akapitirira nyali yofiira, kaya wasinza kaya wadwala, mabuleki amagwira okha. Tsikulo dalaivala anachita kupinda manja dala, n'kumaimba mluzu. Titangodutsa nyali yofiira, sitima inadzimanga yokha, ine n'kukagunditsa mphuno pa msana wa a Bwerezani.

Iwo anatembenuka n'kunena kuti, "Waona? Sitima imakhulupirira nyali, nyali imakhulupirira bokosi, bokosi limakhulupirira manja akowo. Ndiye achotse pamphunopo, uziwalemekeza."

Chimene amatiopseza nacho kwambiri ndi timawaya tachikasu tokhala ndi zopanira mbali zonse ziwiri. Timagwiritsa ntchito poyesa bokosi. Kawaya kameneka ndi kabodza. Ukakapana, bokosi limaona ngati m'chigawo mulibe sitima ngakhale ilimo, nyali n'kukhala yobiriwira. Timatero pokhapokha njanji atatitsekera. Ndiye aliyense amapatsidwa tinayi basi. Potsegula bokosi timatiwerenga mokweza anthu awiri, potseka timatiwerenganso, tili pa chikhatho poyera, osati m'chikwama. Anthu akuluakulu a imvi kumaimirira m'tchire n'kumati kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi, ngati ana oyamba sukulu. Mukanaseka.

Wotitsekera njanji ndi mayi wina amene amakhala m'nyumba yoyang'anira sitima zonse, kutali ndi kuno. Sindinawaonepo, timangolankhulana pa foni ya ntchito, ndiye ndimawatcha Mayi a Mawu. Chinenero cha kuno mukudziwa kuti chimandipota lilime. Ena ndikalankhula amausa moyo, koma mayiwa amadikira mpaka nditamaliza, n'kubwereza zonse pang'onopang'ono, ine n'kuvomera. Sanandithamangitsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndimawaganizira ngati munthu wonenepa wovala magalasi, koma mwina ndikunama.

Chipinda ndinasamuka, ndili pafupi ndi depoti tsopano. Ndi chaching'ono, ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri, koma chili ndi zenera loyang'ana mumsewu, ndipo mwini nyumba salowerera za eni.

Mwana wathu wamkazi mumuuze kuti chithunzi anajambula chija ndamata pamwamba pa bedi. Sitima ilibe chiwongolero, koma asadandaule, yakeyo ikuoneka bwino choncho. Wamkuluyo achepetse mpira, mayeso ali pafupi. Pitani kwa kalipentala uja akayeze denga, mufunsenso mtengo wa malata m'masitolo awiri kapena atatu, musangogula pomwe akumwetulirani.

Ndine wanu,
Bambo a ana


21 Epulo

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, musade nkhawa.

Pepani ndachedwa kuyankha. Masiku ano ndikupumulako pang'ono, ntchito yachepa. Ndikumakhala pa zenera n'kumaona anthu. Sindinkadziwa kuti msewu wathu uno masana umakhala wina. Pali bambo wosoka nsapato pansi pa khonde la sitolo, amakangana ndi wailesi yake tsiku lonse. Pali galu wa miyendo itatu amene amadikira kuti magalimoto aime asanawoloke. Ikakwana leveni koloko, mayi wa nyumba yoyang'anana nafe amayanika zovala, amayamba ndi zazikulu n'kumalizira masokosi, tsiku lililonse chimodzimodzi.

Za malata zija tadikirani kaye. Kalipentala mumuuze kuti timuitana. Palibe chovuta, kungoti kuthamanga si kufika.

Mwezi uno nditumiza zocheperako. Nsapato za wamng'onoyo zisokedwe, zidzagulidwa mtsogolo.

A Bwerezani amabwera kudzandiona kawirikawiri. Amabwera ndi buledi, amakhala pa mpando, ine pa bedi, sitilankhula zambiri. Ndi munthu wabwino kwambiri, sindikudziwa kuti ndinamuchitira chiyani.

Foni ikamalira osayankhidwa musadabwe, ikumavuta kutchaja.

Mundipatsire moni apongozi.

Ndine wanu,
Bambo a ana


8 Meyi

Mayi a ana,

Moni nonse. Ndili moyo, ndikudya, sindikudwala.

Kalata yanu yandipeza, ndipo yandivula. Mwati makalata anga onse amabwera ndi chidindo cha chala cha girisi pa ngodya, koma yapitayi inali yoyera ngati ya m'busa. Mwatinso munthu wa ntchito sadziwa nthawi imene mkazi wa mwini amayanika masokosi. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinaphunzirebe kuti inu sanamizidwa.

Anandiimitsa ntchito. Ndikuuzani mmene zinakhalira.

Pa 14 Epulo masana tinali pa bokosi lina kunja kwa tauni, ine ndi a Bwerezani. Titatsala pang'ono kumaliza, mvula inabwera ya mphepo. Nthawi yomweyo a ku ofesi anawaimbira foni, iwo n'kuthamangira pansi pa mlatho kuti amve bwino. Ine ndinatseka bokosi msangamsanga kuti madzi asalowe. Iwo ali pansi pa mlathopo anakuwa kuti, "Timawaya?" Ine ndinangosisita chikwama kunja n'kukuwa kuti, "Tinayi!" Sindinatsegule. Iwonso sanabwere kudzaona. Tinauza Mayi a Mawu kuti tamaliza, njanji inatsegulidwa, tinakwera galimoto kubwerera ku depoti.

Ndikukoleka zida m'chipinda chosungiramo katundu, ndinakhuthula chikwama. Munali titatu.

Ndinaimba foni. Sindikumbukira bwino zomwe ndinanena, ndikuganiza kuti theka ndinalankhula chinenero chathu. Mayiwo anangoti, "Nambala ya bokosi." Ndinatchula. Anabwereza, ndinavomera, kenako ndinawamva akulankhula pa wailesi ndi mawu omwe aja osathamanga, kuuza dalaivala wina kuti aime pomwepo.

Mayi a ana, m'chigawo chimenecho munali mutaima sitima ya katundu, ikudikira kulowa pa siteshoni ya kutsogolo. Kumbuyo kwake kunkabwera ya anthu, yodzaza ndi oweruka ku ntchito. Chifukwa cha kawaya kanga, nyali inali yobiriwira, ndipo mabuleki odzigwira okha aja analibe chifukwa chogwirira. Dalaivala anamanga yekha atamva wailesi. Anaima patatsala mtunda wokwana mabogi atatu. Anthu anagwerana mkatimo, mayi mmodzi anathyoka mkono. Palibe amene anafa. Ndalemba mawu amenewa ndipo ndikuwayang'anabe: palibe amene anafa.

Mlandu wanga udzakambidwa pa 6 Juni pamaso pa akuluakulu a kampani. Pakadali pano akundipatsa theka la malipiro. A Bwerezani analemba kale kuti kulakwa n'kwa tonse awiri, poti iwo sanaone timawayato ndi maso. Ndinawaletsa, anandikalipira. Akuti ndisataye mtima, chifukwa lamulo la kuno ndi lakuti munthu akalakwa n'kudziulula yekha nthawi yomweyo, samuchotsa ntchito. Safuna kuti anthu azibisa zolakwa chifukwa cha mantha. Amachotsa wobisa ndi wozengereza.

Ana musawauze kaye. Apongozi muwauze zomwe mukuona kuti angazipirire. Zikomo pondigwira bodza, linkandilemera.

Ndine wanu,
Bambo a ana


11 Meyi

Mayi a ana,

Moni. Musadabwe kulandira makalata awiri motsatizana. Ija nditangoiponya ndinadziwa kuti ndakuuzani nkhani yodula mchira.

Ndinalemba kuti ndinapeza titatu, ndinaimba foni. N'zoona, koma pakati pa ziwirizo panadutsa nthawi. M'chipinda chosungiramo katundu muli wotchi pamwamba pa chitseko. Pomwe ndinkakhuthula chikwama inali itadutsa folo koloko ndi mphindi khumi. Pomwe ndinkagwira foni inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri ndi imodzi. Mphindi khumi ndi imodzi, mayi a ana. Ndinali ndekha, palibe anandiona.

Mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba ndinafufuza m'matumba ndi pansi pa benchi, zimenezo n'zomveka. Koma mumtima ndinkadziwa komwe kali. Ndinkachita kukaona, kachikasu, mzere wachiwiri kumanzere. Zotsalazo ndinangoima. Ndinaganiza zobwereka njinga yamoto ya mlonda, ndikachotse mwakachetechete, pasakhale wodziwa. Ndinaganiza za chiphaso, za mwezi umodzi wolongedza, za inu kudzandichingamira ndili ndi sutikesi yokha anthu akuyang'ana. Ndinadziuza kuti mwina ola limenelo kulibe sitima ziwiri zotsatana. Munthu akafuna kudzinamiza, nzeru zimabwera zambiri.

Kuseri kwa depoti kumadutsa njanji. Ndili chiimire, sitima ya anthu ija inadutsa pang'onopang'ono ikuchoka pa siteshoni, kulowera komwe kuli bokosi langa. Pa zenera lina ndinaona bambo wovala ovolosi ngati yanga, atatsamira galasi, ali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Miyendo yanga inathamangira ku foni yokha.

Ndikanaimba poyamba paja, sitimayo akanaigwira ili pa siteshoni, zitseko zisanatsekedwe. Mkono wa mayi uja ukanakhala wabwinobwino. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma amene anakwawa si ine.

Tsopano vuto ndi ili. M'chikalata chimene ndinalembera akuluakulu tsiku lomwelo ndinati nditangoona ndinaimba. Akukhulupirira. Ndikakhala chete pa 6 Juni, a Bwerezani akuti ntchito ndibwerera. Ndikanena, ndiye kuti ndine wozengereza komanso wabodza, ndipo lamulo loteteza wodziulula lija silindikhudza. Mwina mundiona mwezi wa Julayi.

Ndaganiza zokhala chete, chifukwa cha inu ndi ana. Wamkuluyo watsala zaka ziwiri kuti amalize sukulu. Sindikupempha kuti mundiyamikire. Ndangofuna kuti pakhale munthu mmodzi pa dziko lino wodziwa mwamuna amene muli naye.

Ndine wanu,
Bambo a ana


2 Juni

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti wamng'onoyo anadwala m'mimba, ndathokoza kuti wachira. Ine ndili bwino.

Yankho lanu lafika dzana. Masabata atatu ndakhala ndikuvutitsa mwini nyumba kufunsa ngati kwabwera kalata, ndipo itafika ndinaisunga m'thumba mpaka madzulo ndisanaitsegule.

Simunandinyengerere. Mwati, "Mphindi zanuzo musatisenzetse ife. Ine sindinakutumeni kuti muime pamenepo, ndipo sindikukutumani kuti mukhale chete. Mukakhala chete, nenani kuti n'chifukwa cha mantha anu, ana anga muwachotsemo." Poyamba ndinapsa mtima. Ndinati mkazi uyu akulankhula chonchi chifukwa si iye adzakwere basi yobwerera. Ndinatuluka, ndinayenda mpaka kumapeto kwa msewu, ndinabwerera, ndinawerenganso. Ndiye ndinaona mzere wa m'munsi umene ndinaudumpha chifukwa cha ukali, pomwe mwati mbale yanga simunaipatse munthu, ndipo makina anu osokera sanafe, tidya zomwe zipezeke.

Dzulo a Bwerezani anabwera ndi buledi wawo. Ndinawauza zonse, wotchi, njinga yamoto, bambo wogona uja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa kuti, "Anakuona ndani?"

Ndinati, "Palibe."

Ndinkadikira kuti anene mawu awo a masiku onse aja, akuti tabwereza. Sananene. Anaimirira, anavala chipewa, ali pa khomo anati, "Ine ndakalamba, makutu anayamba kuvuta. Sindinamve kanthu. Ngati uli ndi mawu, ukawanene komwe kuli makutu abwino. Ukanena ndili pambali pako, ukapanda kunena ndili pambali pako."

Malaya oyera aja ndachapa. Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa kabati, zipi yake ikugwirabe. Sindikulonjeza kanthu, chifukwa ndadziona kale mmene ndimakhalira mantha akandigwira.

Loko uja munasintha?

Ndine wanu,
Bambo a ana


7 Juni

Okondedwa mayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Dzulo ndinapita. Chipinda chake chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, tebulo lalitali, jagi ya madzi, akuluakulu atatu. Wapampando ndi bambo wodekha wa dazi, amene ankangotembenuza cholembera. A Bwerezani anakhala kumanja kwanga atavala jekete lowathina m'khwapa. Ku ngodya kunakhala kamtsikana kowonda kovala magalasi, ka msinkhu wa mng'ono wanu, ndipo ine ndinkayesa kalaliki. Katapereka moni ndinadzidzimuka. Anali Mayi a Mawu! Magalasi okhawo ndiye ndinalondola.

Mafoni onse a ntchito amajambulidwa, ndiye anatimvetsera ija ya tsikulo. Ndinamva munthu akulira ngati mbuzi yokodwa mu waya, ndipo munthuyo ndinali ine. Itatha, wapampando anawerenga chikalata changa mokweza, n'kunena kuti, "Apa mwati mutangoona munaimba. Pali chimene mukufuna kuwonjezera tisanatseke?" Anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala. Ndinaona kuti chitseko n'chotsegula, ndingotuluka.

Ndinamwa madzi, ena anatayikira pa malaya. Ndinati, "Bwana, pamenepo ndinanama. Panadutsa mphindi khumi ndi imodzi."

Cholembera chinaima. Anandifunsa kuti ndinkachita chiyani nthawi yonseyo, ndinawauza. Anafunsa chifukwa chake, ndinati ndinkaopa kubwezedwa kwathu. Wina wa akuluakuluwo, mayi wa nkhope yolimba, anati munthu wotere sangapatsidwenso kiyi. Sindinatsutse, ankanena zoona. Mayi a Mawu anapempha kulankhula. Anati pa zaka zawo zisanu ndi zitatu alandirapo mafoni ambiri a anthu onena zolakwa za anzawo, koma a munthu wodzinenera yekha ndi awiri okha, ndipo akandichotsa, wachitatu sadzaimba. Anangonena zimenezo, n'kukhala pansi.

Anatitulutsa kuti akambirane. Pa benchi ya pakhonde panali bambo wamfupi, wa manja akuluakulu, amenenso anaitanidwa kudzapereka umboni. Anali dalaivala wa sitima ya anthu ija. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino, anamva zonse. Ndinafuna kumupatsa moni wa dzanja, sanalandire. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ndinali ndi anthu mazana asanu kumbuyo kwanga. Nambala ya bogi ya katundu ija ndinaiwerenga, mpaka lero ndikuikumbukira. Pa mphindi khumi ndi imodzi zakozo sindidzakukhululukira msanga." Kenako anasuntha kundipatsa malo pa benchi. "Koma pa ya khumi ndi chiwiriyo, zikomo. Khala pansi."

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Atatiitana, chigamulo chinali ichi. Kiyi wa mabokosi andilanda. Ndibwerera ku fosholo chaka chathunthu, pa malipiro akale, ndipo chikatha ndidzalembanso mayeso kuyambira pachiyambi. Kalata ya chenjezo lomaliza ikhala m'faelo yanga. A Bwerezani nawonso alandira chenjezo, loyamba pa zaka makumi atatu, ndipo potuluka amati aliika m'felemu. Koma ntchito sanandichotse, mayi a ana. Chiphaso chili chikhalire.

Ndapempha adiresi ya mayi wothyoka mkono uja. Akuti kampani imufunsa kaye ngati akufuna kumva za ine. Akakana, ndi ufulu wake.

Ndalama zikhala zochepa chaka chino, ndipo mvula ikubwerayi ana aipirirenso. Wamkuluyo mutha kumuuza tsopano. Mumuuze zonse, ndi mphindi zomwe, asamve theka ngati mmene ndinakuchitirani inu.

Ndili ndi anthu ambiri owathokoza, ndipo ena ndawathokoza kale pamaso. Inu mwandichitira zambiri pa zaka zonsezi, kundisokera, kundilerera ana, kundidikira. Koma chimene ndikuthokoza kwambiri ndi chakuti nditabwera kudzabisala kumbuyo kwanu, munasuntha.

Lolemba ndikuyamba sikisi koloko. Munditumizire magolovesi anga akale aja ngati mbewa sizinadye, manja anafewa.

Ndine wanu,
Bambo a ana